Unamwino ku UK: mapepala kaye, zokaona malo pambuyo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa namwino wina wa ku Dedza. Akuti: "Ndagwira ntchito zaka zisanu. Anzanga amene ali ku UK amaika zithunzi pa Facebook Loweruka lililonse, lero ku London, mawa kunyanja. Ndiyambire pati, ndipo nthawi yoyendayenda imapezekadi? Pali bambo wina akuti ndimupatse ndalama andipezere malo."

Achemwali, tiyambe ndi bamboyo: musamupatse ngakhale tambala. Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa, ndipo ndondomeko ya boma la UK siilola zipatala kapena ma ejenti kudzakopa anamwino kuno. Chololedwa n'chakuti mufunsire nokha ntchito imene yalengezedwa, monga pa NHS Jobs, tsamba la pa intaneti lolengezerapo ntchito za m'zipatala za boma (NHS). Chikalata chokuitanani, Certificate of Sponsorship, amalipira ndi abwana okulembani ntchito. Sichigulitsidwa.

Khomo lenileni ndi Nursing and Midwifery Council ya ku UK, bungwe lolembetsa anamwino m'kaundula. Iwo amayang'ana ngati maphunziro anu akufanana ndi a registered nurse, choncho ngati ndinu Nurse Midwife Technician (NMT) funsani kaye za pepala lanu musanawononge ndalama pa mayeso. Adzafunanso umboni wochokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi kuti muli m'kaundula ndipo mulibe mlandu. Ngati munaphunzira pa ndalama za boma kapena za mpingo, onetsetsani kuti bondi inatha.

Kenako mayeso a Chingerezi: mumasankha IELTS kapena OET. Pa IELTS Academic pamafunika 7 pa kuwerenga, kumva ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET ndi B, B, B ndi C+ pa kulemba. Ambiri amagwera pa kulemba, osati chifukwa sadziwa Chingerezi, koma anazolowera chidule cha m'mafayilo a odwala, pamene mayeso amafuna ziganizo zathunthu m'nthawi yoyezedwa. Yesererani ndi wotchi. Kupatula Chingerezi, palinso mayeso awiri a unamwino. A pa kompyuta, CBT, ali ndi magawo awiri: masamu a mankhwala, ndi za chisamaliro cha odwala. OSCE, mayeso oonetsa ntchito ndi manja, imachitikira ku UK komweko, ili ndi masiteshoni 10, ndipo mwayi woyesa ndi katatu. Apa anthu amalephera pa zinthu zimene amazidziwa bwino: kusamba m'manja, kufunsa wodwala dzina ndi tsiku lobadwa, kupempha chilolezo, kufunsa ngati pali mankhwala amene amamuwenga. Pa wodi yodzadza timachita izi mwachangu ndi chamumtima; woyesa amachonga zokhazo waona ndi kumva. Musanapemphe viza ya Health and Care Worker mudzafunikanso satifiketi yoyezetsa TB.

Kontirakiti muiwerenge mpaka pansi. Zipatala zambiri zimalipira ndege ndi mayeso, koma mukasiya ntchito msanga zimafuna kuti mubweze.

Tsopano za Loweruka zija. Chipatala sichitseka Loweruka, kaya ku Dedza kaya ku Leeds. Mu NHS ya ku England sabata ndi maola 37.5, ndipo pa wodi nthawi zambiri amakhala mashifiti a maola pafupifupi 12, atatu kapena anayi pa sabata, usiku ndi Lamlungu momwemo. Ndiye "wikendi" yanu ikhoza kukhala Lachiwiri ndi Lachitatu. Musadandaule nazo: kugwira Loweruka ndi Lamlungu kumalipidwa ndalama yoonjezera, ndipo malo ogona alendo amakonda kutsika mtengo pakati pa sabata. Rota, ndandanda wa mashifiti, ikangotuluka, pezani masiku awiri kapena atatu otsatizana, n'kugula tikiti pompo. Tsiku lotsatira shifiti ya usiku musaliwerengere; limenelo ndi la tulo. Tchuthi cha pachaka chimayambira pa masiku 27 kuonjezera 8 a maholide. Miyezi yoyamba, OSCE isanatheke, malipiro amakhala ochepa kuposa a Band 5 (giredi yoyambira ya namwino wa m'kaundula) ndipo lendi ndi dipoziti zimadya zambiri, nanga kumudzi akuyembekezanso ya feteleza. Maulendo aataliwo adikire.

Sitima yogula tikiti tsiku lomwelo ndi yodula kwambiri. Tikiti ya Advance, yogula kudakali masabata, imatsika, ndipo Railcard, khadi yochotsera mtengo wa sitima, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu. Mabasi a National Express amachedwa koma ndi otchipa. Kulowa mu British Museum ndi kwaulere. Mmalawi asalephere kufika ku Blantyre ya ku Scotland, pafupi ndi Glasgow, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Nyumba imene anabadwiramo ikadalipo ndipo anaisandutsa malo oonetserako zakale.

Paris ndi nkhani ina. Viza ya UK sikulowetsani ku France. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, mayuro 90, ndipo malo a tsiku lokaonekera amadzadza msanga. Dublin ya ku Ireland nayonso ili ndi viza yakeyake, ngakhale Belfast, imene ili ku Northern Ireland mbali ya UK, mukhoza kupitako ndi ya UK yomweyo.

Za kuzizira, musadalire kuti munakulira pansi pa phiri la Dedza. Chovuta si chisanu chokha ayi: mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndiye ulendo wa tsiku limodzi uyambe m'mamawa, apo ayi muusungire Juni, pamene kumawala mpaka kupitirira 9 koloko usiku.