Kuponya bowling ndi manja awiri: yankho kwa achimwene a ku Kapata

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata. Amagulitsa zovala, ndipo mwezi ndi mwezi amakwera basi ya m'mamawa kukaoda katundu ku Kamwala, ku Lusaka. Akamaliza za katunduyo, madzulo amakumana ndi anzawo n'kukasewera bowling, masewera ogubuduza mpira wolemera kuti ugwetse mapini khumi. Alemba kuti:

"Ndimaponya ndi dzanja lamanja, ndipo mapointi anga amathera pa 120 kapena 130. Chala chachikulu chimandikanirira m'bowo, kukacha chimakhala chitatupa. Pa YouTube ndaona anthu akuponya ndi manja awiri, mpira n'kumakhota bwino. Nditayesa ine, mpira unathawira m'ngalande ya kumanzere, msana n'kuyamba kuwawa. Anzanga akuti ndi maponyedwe a ana, ena akuti n'kubera. Ndisinthe kapena ndikhale mmene ndilili?"

Achimwene, ine ndikuti sinthani. Pa 120 simunamange chinthu choti mungadandaule nacho mukachigwetsa, ndipo thupi lanu silinaume pa maponyedwe amodzi. Munthu amene ndingamuuze kuti aganize kawiri ndi uja waponya zaka zambiri ndi dzanja limodzi ndipo amafika 190 osavutika. Koma kusinthaku kuli ndi mtengo wake, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo muichitira kunyumba kuno, osati ku Lusaka.

Za anzanuwo tithane nazo msanga. Kubera ayi. Malamulo amalola, chifukwa dzanja lachiwirilo limangochirikiza mpira pamene mukuyenda, ndipo limachokapo mpira usanatuluke. Dzanja loponya limakhalabe limodzi. Koma zoti ndi maponyedwe a ana, pamenepo anenako zoona. Jason Belmonte wa ku Orange, ku Australia, wobadwa mu 1983, anakulira m'nyumba ya bowling ya makolo ake, ndipo anayamba kukankha mpira ndi manja awiri ali kamwana chifukwa unkamulemera. Atakula anthu anamuuza kuti asiye, iye osasiya. Lero wapambana mipikisano ikuluikulu 15 ya PBA, bungwe la akatswiri la ku America, kuposa wina aliyense, ndipo wasankhidwa kasanu ndi kawiri kukhala wosewera wopambana wa chaka. Osku Palermaa wa ku Finland anayenda njira yomweyo. Mu 2016 Anthony Simonsen anatenga USBC Masters ali ndi zaka 19, Jesper Svensson wa ku Sweden n'kutenga Tournament of Champions ali ndi zaka 20, onse a manja awiri. Komabe musaganize kuti dzanja limodzi latha ntchito. EJ Tackett amalowetsa chala chachikulu m'bowo, ndipo ndiye anali wosewera wa chaka mu 2023 ndi 2024.

Chala chanucho chili ndi nkhani yakeyake. Mipira ya pa shelefu, ija aliyense amangotola, inabowoledwa kuti ikwane dzanja lililonse, ndiye siikwana dzanja la munthu aliyense. Bowo likakula mumafinya chala kuti mpira usagwe, likachepa chala chimakanirira. Njira zonse ziwirizi zimathera ku kutupa. Mpira wobowoledwa poyeza dzanja lanu ukanathetsa vutoli ngakhale osasintha maponyedwe. Ndikunena izi kuti musinthe mukudziwa chimene mukufuna, chomwe ndi kuzungulira kwa mpira.

Kuchokera pa mzere woponyera kukafika pa pini yakutsogolo pali mapazi 60, kapena kuti mamita 18 ndi pang'ono. Leni, kanjira koyendamo mpirako, imapakidwa mafuta kuyambira pa mzerewo mpaka chapamapazi 40, kotsalako n'kouma. Mpira wozungulira ukakhala pa mafuta umangotsetsereka, ukafika pouma umagwira pansi n'kutembenuka, monga limachitira tayala la njinga potuluka m'matope oterera a dzinja n'kuponda dothi louma. Kutembenukako ndi kumene kumalowetsa mpira chammbali pakati pa pini 1, yakutsogolo ija, ndi pini 3, yotsatira kumanja kwake, malo amene woponya ndi dzanja lamanja amafuna. Kafukufuku wa USBC, bungwe loika malamulo a bowling ku America, anapeza kuti mpira wolowa mopendekeka madigiri pafupifupi 6 ndiwo umagwetsa mapini onse khumi kawirikawiri. Mpira wowongoka sungapeze ngodya imeneyo, chifukwa leni ndi yopapatiza, mita imodzi ndi kachidutswa basi. Ndiye chala chachikulu chikachoka m'bowo, palibenso chogwira mpira kuti uchedwe kutuluka. Umagudubuzika kuchoka m'chikhatho, zala ziwiri zija n'kuukwapula. Akatswiri a manja awiri amauzunguza maulendo oposa 500 pa mphindi.

Apa ndi pamene pagona vuto lanu la ngalande. Munawonjezera kuzungulira koma liwiro linatsika. Woponya ndi dzanja limodzi amakweza mpira kumbuyo mpaka kupitirira phewa, ndipo kulemera kwake pobwerera kumamupatsa liwiro. Inu simungakweze choncho, popeza dzanja lamanzere liyenera kukhalabe pa mpira. Mpira wozungulira kwambiri koma woyenda pang'onopang'ono umagwira pansi msanga, n'kudutsa kutsogolo kwa mapini kupita kumanzere. Ndipo maleni a m'malo osangalalira nthawi zambiri amakhala ouma, makamaka madzulo anthu atasewerapo tsiku lonse. Mukaponya, tengani mpira wanu ukabwerera muuyang'ane. Ngati pali timizere ta mafuta tonyezimira touzungulira, leni ili ndi mafuta. Ukabwera wouma gwaa, dziwani kuti ukhota msanga, ndiye imani chakumanzere muuponyere kunja chakumanja.

Liwiro la woponya ndi manja awiri limachokera m'miyendo. Mukaonanso mavidiyo aja, siyani kuyang'ana mpira, yang'anani mapazi. Ambiri amayenda masitepe asanu: lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanja, kenako lamanzere lotsetsereka. Awiri oyamba ndi aafupi, osathamanga. Pakati pa lachitatu ndi lachinayi pali kakudumpha kofulumira, phazi lamanja limangogunda pansi n'kukankha thupi lonse kutsogolo. Kakudumphako ndiko kamalowa m'malo mwa kukweza mpira kuja. Amene angoyamba kumene amakaiwala, n'kumafuna kutulutsa liwiro ndi mapewa ndi msana. Ndikukhulupirira kuti msana wanu unawawa chifukwa cha zimenezi.

Kagwiridwe kake nkotere. Lowetsani chala chapakati ndi chala cha mphete mpaka pa mfundo yoyamba. Chala chachikulu chigone pa mpira, osafinya. Dzanja lamanja likhale pansi pa mpira, mfundo ya dzanja itapindikira mkati pang'ono, moti mpira ukhale m'chikhatho n'kutsamira mkono. Dzanja lamanzere likhale kutsogolo kwa mpira, zala zake zitayandikira nsonga za zala zakumanja. Mpira ukamapita kumbuyo, phewa lamanzere limatsika n'kuloza kutsogolo, chifuwa n'kutembenukira kumanja. Pobwerera, chigongono chakumanja chidutse pafupi ndi nthiti. Mpira ukafika pa kakolo wa phazi lamanzere, dzanja lamanzere lichoke lokha, ndipo lamanja likhale kumbuyo kwa mpira mpaka zala zitatuluka. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amapotokola mpira ndi manja onse awiri, kuganiza kuti kukhota kumachokera pamenepo. Mpira wotero umangozungulira pamalo amodzi, ndipo ukagunda mapini umapatukira kumbali wopanda mphamvu. Kutembenuza dzanja kumafunika kochepa kwambiri, ndipo kumachitika pomaliza penipeni.

Za msana ndinenepo mosabisa, chifukwa inu mumanyamula mabelo ndiponso mumakhala pa mpando wa basi makilomita oposa 500 a Great East Road. Maponyedwe awa amafuna kuwerama kwambiri kuposa a dzanja limodzi, ndiponso kupotoza thupi mutanyamula cholemera. Kuweramako kuchokere m'chiuno ndi m'mawondo, msana uli wowongoka. Mukaukunga msana n'kuupotoza nthawi imodzi, mudzausiya masewerawa musanawadziwe. Musatsike basi n'kukayamba kuponya mwamphamvu thupi lili louma. Yendaniyendani kaye, dziwongoleni, mipira yoyamba muponye mofatsa. Ululu ukamatsikira m'mwendo kapena phazi likamachita dzanzi, imani mupite kuchipatala. Kulemera kwa mpira nakonso kuchepe poyamba. Manambala olembedwa pa mipira aja ndi mapaundi, ndipo wolemera kwambiri wololedwa ndi 16, omwe ndi makilogalamu 7.26. Akatswiri ambiri amaponya 15. Inu yambani ndi 11 kapena 12.

Tsono poti leni mumaiona kamodzi pamwezi, thupi silingaphunzire kanthu katsopano pa madzulo amodzi okha. Mwayi wake ngwakuti zinthu ziwiri zofunika kwambiri, mapazi ndi katulutsidwe, sizifuna leni. Ngati muli ndi khonde la simenti yopaka polishi, valani masokosi. Dzazani madzi m'chigubu cha malita 5, chimene chimalemera makilogalamu 5, pafupifupi mpira wa mapaundi 11. Chigwireni ndi manja awiri, yendani masitepe asanu aja osachiponya, ndipo pomaliza imani nji pa phazi lamanzere, bondo litapindika, mwendo wamanja utapita kumbuyo chakumanzere, muwerenge mpaka katatu. Mukadzandira, ndiye kuti mutu wapitirira bondo kapena mwathamanga masitepe oyamba. Bwerezani mpaka kakudumpha kaja kazibwera kokha.

Za katulutsidwe, tengani mpira wamiyendo, muzungulize tepi yoyera pakati pake. Gwadani bondo lamanja pa mphasa, tsamiritsani matiresi kukhoma, muziugudubuza kuchoka m'chikhatho. Tepiyo ikuuzani zoona. Ikamagudubuzika kutsogolo itapendekera pang'ono kumanzere, dzanja lili pamalo pake. Mpira ukamazungulira chogona, ndiye kuti dzanja lakwera pamwamba pake msanga. Pemphani mwana akujambuleni ndi foni kuchokera kumbuyo ndi chammbali. Zimene thupi limamva ndi zimene likuchitadi zimasiyana kwambiri pa miyezi yoyamba.

Mtengo ndinanena uja ndi ma spare, kutanthauza kugwetsa ndi mpira wachiwiri mapini amene atsala. Mapointi anu atsika, mwina kufika pansi pa 100, ndipo anzanu adzakukumbutsani mawu awo. Ma strike, kugwetsa mapini onse ndi mpira woyamba, adzayamba kubwera ndithu, koma mpira wokhota umavuta kulozetsa pa pini imodzi, makamaka pini 10, ija ya pakona yakumanja kumbuyo, chifukwa mpira umaithawa ukangotsala pang'ono kuifika. Taonani masamu ake. Munthu wogwetsa mapini 9 pa mpira woyamba n'kuphonya yotsalayo m'mafuremu (magawo a gemu) onse khumi amapeza 90. Wogwetsa 9 n'kutola yotsalayo nthawi zonse amapeza 190, popanda strike ngakhale imodzi. Kusiyana kwa mapointi 100 kuli pa pini imodzi imeneyo. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona achinyamata akusangalala ndi kukhota kokha, pini 10 n'kumaisiya ili chiimire. Pa spare tengani mpira wa pulasitiki, womwe sugwira pansi kwambiri, ndipo ya pa shelefu ija ndi yotero. Pa pini 10 imani kumanzere kwenikweni, muponye modutsa leni, dzanja lili kumbuyo kwa mpira osalitembenuza. Malamulo amakulolani kutola spare ndi dzanja limodzi, bola likhale lamanja lomwelo. Ena amatero, koma ine ndingakonde muphunzire kuwongola mpira ndi manja awiri, kuti mapazi azidziwa kayendedwe kamodzi.

Kugula mpira wanu kudikire kaye. Katulutsidwe kanu kakhala kakusintha, ndipo wobowola amayeza malo a mabowo potengera mmene mpira umazungulirira ukachoka m'dzanja lanu. Ikadzakwana nthawi, dziwani lamulo limene USBC inakhazikitsa kuyambira pa 1 August 2020: bowo lililonse la pa mpira liyenera kukhala ndi chala chake poponya. Ndiye mpira wa woponya ndi manja awiri umabowoledwa mabowo awiri okha, ndipo pamalo pogona chikhatho amalembapo kachizindikiro ka +. Wina akakugulitsani wakale wa mabowo atatu, lachitatulo liyenera kutsekedwa musanalowe nawo mpikisano wotsata malamulowa. Posewera ndi anzanu palibe adzakufunseni. Ndipo musathamangire mipira yokhota kwambiri imene mumaiona pa TV, chifukwa inapangidwira maleni a mafuta ambiri. Pa leni youma, ndi kuzungulira kumene manja awiri amapereka, mpira wofatsa ndiwo ungakumvereni.

Ulendo ukubwerawu muchite chonchi. Gemu yoyamba musawerenge mapointi. Imani pa mzere penipeni, phazi lamanzere kutsogolo, muponye osayenda, kenako ndi sitepe imodzi. Gemu yachiwiri yendani masitepe onse asanu, maso ali pa timivi tojambulidwa pa leni, osati pa mapini. Timivito tilipo 7, ndipo inu yambani ndi kachiwiri kapena kachitatu kuchokera kumanja. Mpira ukadutsa pa kamuvi kanu koma n'kukathera kumanzere kwa pini 1, sunthani mapazi kumanzere timatabwa tiwiri ta pansi pamene mwaima, kamuvi kakhale komweko. Gemu yachitatu, mpira woyamba wa furemu iliyonse muulozetse pa pini 10, wachiwiri pakati pa 1 ndi 3. Zinthu zikavuta pakati pa gemu musabwerere ku dzanja limodzi kuti mupulumutse mapointi, chifukwa mukatero thupi silidzakhazikika pa njira iliyonse. Dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi musanaweruze. Mukabwerako munditumizire kavidiyo kojambulidwa chammbali, mapazi akuoneka bwino, tidzaone kakudumpha kaja.