Nsapato za tebulo tenisi pa simenti ya kwathu kuno: yankho kwa aphunzitsi a ku Mchinji

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a pa sekondale ina cha ku Kamwendo, ku Mchinji. Akuti anayamba tebulo tenisi chaka chatha mu holo ya pasukulu pawo, ndipo masewerawa awalowerera. Mlamu wawo wa ku Johannesburg walonjeza kuwabweretsera nsapato peyala imodzi pa Khirisimasi. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndimuuze andigulire zenizeni za tebulo tenisi, za kampani ya Butterfly timaziona pa intaneti zija, kapena zilizonse zosewerera mu holo zikwana? Panopa ndimavala zothamangira zomwe ndinagula pa kaunjika, komanso Lachitatu lililonse ndimamenya volebo ndi ana."

Aphunzitsi, zikomo polemba. Ndiyamba ndi zomwe zili kumapazi kwanu panopa, chifukwa ndi zimene zandidetsa nkhawa kuposa funso lenilenilo. Zothamangirazo musalowenso nazo pa tebulo.

Nsapato yothamangira anaipangira munthu wolunjika kutsogolo mtunda wautali, phazi likutera pansi kambirimbiri. N'chifukwa chake soli yake ndi yokhuthala, yofewa ngati matiresi, ndipo chidendene chimakhala pamwamba kuposa zala. Koma pa tebulo tenisi palibe wothamangira kutsogolo. Tebulo lake ndi la mamita 2.74 m'litali ndi 1.525 m'lifupi, kampira n'ka magalamu 2.7 okha, ndipo kakangochoka pa bati ya mnzanu mulibenso nthawi yoganiza. Mapazi amagwira ntchito cham'mbali: kasitepe kakafupi kumanja, kubwerera pakati, kulumphira kumanzere, kuima mwadzidzidzi, mawondo ali opinda, thupi litatsamira kuzala. Mukaima chonchi mutakwera pa soli yayitali ndi yofewa, soliyo imabonyera mbali imodzi, phazi n'kugudubukira kunja, thupi lonse n'kutsamira pakakolo.

Ine zinandionekera mu holo ina kuno ku Kasungu. Mnzanga anandiponyera mpira kungodya ya kumanja, ine n'kuulondola ndi mwendo umodzi. Mpirawo ndinaubweza, koma phazi linapotokera kunja ndipo ndinakhala pansi pomwepo. Pofika usiku pakakolo panali patatupa moti sokosi inakana kulowa. Ndinatha masabata angapo ndikutsimphina, kuntchito ndikupita pa kabaza. Nsapato zimene ndinavala tsikulo zinali zabwinobwino, zatsopano, koma za pamsewu.

Tsopano za Butterfly zija. Makampani a ku Japan monga Butterfly, Mizuno ndi Asics amapanga nsapato za masewerawa, ndipo mukaigwira m'manja imodzi mumadabwa kupepuka kwake. Soli ndi yopyapyala, yathyathyathya, ya mphira yofewa yomwe kawirikawiri imaoneka ngati uchi. Pazala imapinda popanda kulimbana nayo, pakakolo ndi yotsika, koma m'mbali mwake ndi molimba kuti phazi lisathawire kunja. Cholinga chake n'choti wosewera azimva pansi ngati ali chabe wosavala, kuti akafuna kunyamuka anyamuke nthawi yomweyo. Ndi nsapato zabwino kwambiri, sindikutsutsa.

Funso n'lakuti anazipangira pansi potani. Mukamaonera mipikisano ikuluikulu, monga mmene Quadri Aruna wa ku Nigeria anafikira mu ndime ya anthu 8 omaliza pa Olympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016, woyamba wa mu Africa kufika pamenepo, yang'anitsitsani pomwe akuponda. Pamakhala patayalidwa mphasa yapadera ya pulasitiki yonga mphira, yomwe imagwira nsapato komanso imabonyera pang'ono munthu akatera. Pansipo ndi pamene pamateteza mawondo, ndiye nsapato ikhoza kupyapyala mmene ingathere.

Nanga holo ya kwanuko? Ndikukhulupirira ndi ngati zathu zino: simenti, mwina yopakidwa polishi wofiira, momwe ana amachitira asembule m'mawa, mayeso akafika mumalowa madesiki, Loweruka mumachitikira ukwati. Simenti sibonyera olo pang'ono. Mukasewera maola awiri pamenepo ndi soli yopyapyala, kugunda konse kumalowa m'chidendene, kukwera m'mawondo mpaka kumsana. Mnyamata wa Fomu 2 wowonda ngati bango sangamve kanthu. Ife akuluakulu, thupi litayamba kulemera, m'mawa mwake timadzuka phazi likukana kuponda. Ndiye onjezani volebo ya Lachitatu ija, yomwe ndi kulumpha ndi kutera basi. Nsapato ya tebulo tenisi pamenepo ikupwetekani, komanso siichedwa kutha.

Choncho yankho langa ndi ili: poti peyala ndi imodzi, pansi ndi pa simenti, ndipo masewera ndi awiri, mlamu wanu akugulireni nsapato za mu holo, za badminton (masewera omenya kampira ka nthenga pamwamba pa neti) kapena za volebo zotsika. Za badminton, monga za kampani ya Yonex, ndi zomwe zimayandikira kwambiri za tebulo tenisi, chifukwa nakonso kuli kutembenuka ndi kuima mwadzidzidzi, koma zili ndi kofewa pang'ono pachidendene. Ku volebo kuli Asics Gel-Rocket kapena Upcourt, zomwe anthu ambiri amaseweranso nazo masewera ena a mu holo. Asatengeke ndi za volebo zodula kwambiri za soli yayitali zija, chifukwa zikubwezerani ku vuto lomwe tayamba nalo. Aone kuti kunsi kwake ndi kwa mphira yofewa, ndipo nthawi zambiri pamalembedwa kuti non-marking, kutanthauza kuti soliyo siisiya mizere pansi.

Za basiketibo ndi zolemera ndipo zimamanga kakolo. Za tenisi ya pabwalo zili ndi soli yolimba yopangidwira pansi pokhakhala, ndiye pa simenti ya polishi zimaterereka. Za mpira wa miyendo wa mu holo ndi zathyathyathya bwino, kungoti kofewa n'kochepa.

Mukanakhala kuti mumasewera tebulo tenisi yokha, ndipo mukufuna kupita patali ndi mipikisano, ndikanati tengani Butterfly Lezoline kapena Mizuno Wave Drive, muikemo kapilo kowonjezera m'kati mwake. Mwana wa sukulu waluso amene mukumuona kuti ali ndi tsogolo, ameneyo ndiye womufunira zoterozo.

Koma pali china chomwe sichidya ndalama, ndipo chimaposa dzina la pa nsapato. Palibe mphira yomwe imagwira pa fumbi. Mu Okutobala muno, mphepo ikamalowetsa fumbi pa mawindo, mukhoza kuvala nsapato yodula bwanji, muterereka basi. Musanayambe, sesani, kolopani ndi madzi okha, dikirani paume. Akukonza mu holowo muwapemphe mwaulemu kuti mozungulira tebulo asamapake polishi. Pambali pa tebulo yalani kathaulo konyowa pang'ono, muzipondapo masewera akaima. Ine ndimatero, ndipo nsapato imayambiranso kulira kuti tswii pa simenti, chizindikiro choti yagwira. Ndipo chonde, nsapatozo zisayende pamsewu. Muzinyamula m'chikwama, kuvalira pakhomo la holo. Mchenga wa m'njira umasalaza soli msanga. Mukachapa, yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa limaumitsa mphira ndi kumatula guluu.

Za saizi musangomuuza mlamu kuti "ndimavala eyiti", pakuti makampani amasiyana. Madzulo, mapazi atatupako, valani masokosi osewerera, pondani pa pepala mutaimirira, wina ajambule kuzungulira phazi. Yezani ndi rula kuchokera pachidendene mpaka chala chachitali, mapazi onse awiri, mutenge lalikululo, muwonjezere theka la sentimita kapena imodzi. Nsapato zambiri za ku Japan zimalembedwa saizi ya masentimita pa lilime, ndiye nambala imeneyo mutumizeni pa WhatsApp. Ambirife tinakula tikuyenda osavala ndipo mapazi athu ndi otambalala, pomwe nsapato zambiri zoterezi n'zopanikiza kuzala. Ngati inunso muli choncho, mumuuze afunse zotakata.

Podikira Disembala, dzerani pa kaunjika pa Boma, kapena ku Chipata mukawoloka pa Mwami. Za badminton ndi volebo zimapezeka m'mabelo, ogulitsa amangoziunjika limodzi ndi zothamangira. Itembenuzeni, mukanikize soli ndi chikhadabo: ikabonyera n'kubwerera ndi yamoyo, ikakhala gwa ngati pulasitiki ndiye kuti yakalamba ngakhale pamwamba pakuwala. Ipindeni, ipinde pazala osati pakati. Ipotoleni ngati mukufinya chovala, ikanize. Kenako valani zonse ziwiri, mangani zingwe, mulumphire kumanja ndi kumanzere pomwepo, muone ngati chidendene chikuvuka. Ngati soli yamatuka pang'ono kutsogolo, osoka nsapato akhoza kumata, koma asakuikireni soli ya tayala.

Mlamu akafika nazo, mudzazisewerere masabata awiri kapena atatu, kenako mundilemberenso mundiuze mmene mawondo akumvera m'mawa wa Lachinayi.