Kuitanitsa distributor ya MGB kuchokera kunja

Achimwene, mwafunsa kuti timagwira bwanji ntchito munthu akafuna kuchotsa ma points (tizitsulo totseka ndi kutsegula magetsi mu distributor, chipangizo chogawira moto ku mapulagi) pa MGB yake, galimoto yakale ya ku Britain, n'kuikapo kiti ya electronic ignition, yomwe module yake imagwira ntchito ya ma points. Kunyamula si vuto, kachipangizoka kamakwana m'thumba la jekete. Chovuta ndi kuoda choyenera, chifukwa katundu akangodutsa pa Mwanza kumubweza kwa wogulitsa n'kodula kuposa kugula wina.

Dzina la galimoto lokha silitikwanira. Pukutani distributor, mujambule nambala ya Lucas, kampani yomwe inaipanga, yomwe inadindidwa pambali pake, mutitumizire pa WhatsApp. MGB zoyambirira zinkatuluka ndi distributor ya mtundu wa 25D4, za kuyambira cha m'ma 1974 zili ndi 45D4, ndipo kiti ya imodzi sikhala pa inzake. Galimoto ya zaka zoposa 40 yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri, ndiye musaganize kuti yomwe ilipoyo ndi yomwe inachoka nayo ku fakitale ya ku Abingdon. Muonenso batire. Zopangidwa asanafike mathero a 1967 zinali za positive earth (mbali ya + ya batire ndi yomwe imalumikizidwa ku bodi ya galimoto), ngakhale zambiri anazitembenuza kukhala za negative earth. Kiti ya negative earth mukailumikiza mosemphana, module imapsa pomwepo. Coil nayo muyeze ndi mita: ma ohm 3 pa galimoto yopanda ballast (chochepetsa mphamvu ya magetsi opita ku coil), 1.5 pa MGB za mabampa a labala, zomwe zili ndi ballast.

Musanatulutse ndalama, vulani kapu ya distributor mugwedeze shafiti yake ndi chala. Ikamasewera cham'mbali, kiti ya Pertronix kapena Accuspark sithetsa vutolo, timing izingoyendayendabe. Pamenepo gulani distributor yathunthu. Ya 123ignition, yopangidwa ku Netherlands, ndi yodula koma ilibe masipuling'i ndi zitsulo za advance (zosuntha timing injini ikamathamanga) zomwe zimatha ndi ukalamba.

Katunduyu timamugula ku Johannesburg akapezeka, apo ayi timaoda ku Moss Europe kapena Rimmer Bros ku Britain. Wa pamsewu amadzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Pa mtengo womwe tikupatseni pali kugula, thiransipoti, msonkho wa MRA ndi VAT. Musanamizidwe kuti chogulidwa ku Joni chimalowa ulere chifukwa cha SADC: mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa m'chigawo chino, wokhala ndi satifiketi yake, osati wochokera ku Ulaya. Invoice ikhale yeniyeni, ikakayikitsa a kasitomu amaika mtengo wawo.

Pomanga, ikani pisitoni 1 pamwamba pa compression, mulembe pomwe rotor yaloza musanazule yakaleyo. Mawaya a mapulagi amatsatana 1-3-4-2 mozungulira mobwerera kumanzere. Timing muitchere ndi timing light, paipi ya vacuum itachotsedwa, osati ndi khutu. Musasiye kiyi ali on injini isakulira, module ndi coil zimatentha. Ma points ndi condenser zakale zija musataye, muzisunge m'galimoto momwemo pamodzi ndi feeler gauge, choyezera gap ya ma points. Module ikafera panjira, mumabwezera ma points pa gap ya 0.015 inchi n'kupitiriza ulendo.