Kodi mtsikana amene ananamizidwapo angakhululukire bodza lachiwiri?

Mayi wina amene akulemba nthano yaitali yachikondi yoseketsa wanditumizira imelo yofotokoza pamene pamuvuta. Mwininkhani wake ndi mtsikana wosoka zovala ku Limbe, amene chibwenzi chake chinatha atatulukira kuti mwamunayo anali ndi mkazi ndi ana kumudzi. Pa chinkhoswe cha mnzake, mtsikanayu akumana ndi mnyamata n'kumuyesa dalaivala wa galimoto yahayala, chonsecho ndi mchimwene wa mkwati, ndipo mnyamatayo angokhala chete osamuuza zoona. Funso lawo ndi lakuti, kodi owerenga adzavomereza kuti awiriwa akwatirane pamapeto?

Mayi, adzavomereza ngati muzindikira kuti m'nthano yanu muli zinthu ziwiri zosiyana. Kulakwitsa kwa mtsikana pa tsiku la chinkhoswe ndi nthabwala yabwino, ndipo musaithamangitse. Amutume kunyamula makireti a zakumwa, amudzudzule chifukwa choimika galimoto potsekereza njira, kenaka amupatire ndalama yochepa m'manja kuti akagule madzi, iye n'kulandira ndi manja awiri mwaulemu. Koma tsiku limene mnyamatayo adzamva za chilonda cha mtsikanayu n'kupitiriza kukhala chete, nthabwala ija yasanduka bodza, ndipo ndi bodza la mtundu womwewo umene unamupweteka kale. Olemba ambiri amadutsa pamenepa ngati palibe chachitika, ndipo mapeto ake owerenga amatseka buku akumvera chisoni mkwatibwi m'malo mosangalala naye.

Taonani mmene William Shakespeare anachitira mu sewero lake la Twelfth Night, limene linaonetsedwa ku London mu 1602. Viola atapulumuka pa ngozi ya chombo anavala ngati mwamuna n'kudzitcha Cesario, ndipo Olivia, amene analumbira kulira mlongo wake kwa zaka 7, anamukonda pomuyesa mnyamata. Oonera samukwiyira Viola chifukwa sanadzibise kuti akope Olivia. Anali mlendo wofuna kudziteteza, ndipo anayesetsa kubweza chikondi chimene sankachiyenera. Mnyamata wanu nayenso afunika chifukwa chomveka chokhalira chete, ndipo chetecho chizimusowetsa tulo. Mwina watopa ndi akazi omukonda chifukwa cha dzina la banja lake, ngakhale ine ndimaona kuti chifukwa chimenechi chagwiritsidwa ntchito mpaka chasuluka. Chabwino koposa ndi manyazi wamba: anachedwa kunena tsiku loyamba, ndipo tsiku lililonse lowonjezera likukulitsa mlandu.

Kumbukiraninso kuti kuno munthu sabisika nthawi yaitali. Azakhali a mtsikanayo akangomuona adzafunsa kwawo, mfumu yake ndi mfunda wake, ndipo potumiza ndalama pafoni dzina lenileni limaonekera. Zimenezi zikhale misampha imene mnyamatayo akuzemba movutikira, chifukwa kuseka kwa owerenga kuli pamenepo.

Pampondachimera, choonadi chituluke pakamwa pa mnyamatayo, asanagwidwe. Mwamuna woyamba uja anachita kutulukiridwa, choncho kusiyana kwa amuna awiriwa kuonekere pa mfundo imeneyi. Akaulula, mtsikanayo akwiye ndithu, ndipo musamubweze ndi maluwa kapena mawu okoma m'mutu wotsatira, pakuti munthu amene analumidwa ndi njoka amathawa ngakhale luzi. Mupatseni mitu itatu kapena inayi yoti aone zochita. Mnyamatayo akanena kuti afika 4 koloko, azifikadi 4 koloko, amuonetse kwa amayi ake masana anthu akuona, ndiponso atumize amalume ake kukaonekera kwa akuchikazi popanda kukakamizidwa.

Ndikanakhala ine, ndikanasunga ndalama yogulira madzi ija mpaka mutu womaliza. Mnyamatayo aitulutse m'chikwama ili yopindidwa monga anailandirira, aibweze, ndipo mtsikanayo aiyang'ane kwa kanthawi n'kumuuza kuti aisunge, chifukwa mawa pali nsalu zoti akanyamule kumsika.