Alendo opita ku Kulamba ndi miyambo ya eni mudzi

Mayi, mwafunsa ngati alendo anu awiri ochokera ku Germany, amene mukufuna kupita nawo ku Kulamba, mwambo wa pachaka wa Achewa, ayenera kutsata miyambo ya kuno kapena angokhala monga amakhalira kwawo. Ine ndikuti atsate, ngakhale kuti si mwambo uliwonse umene umamanga mlendo.

Za ulemu wa pagulu asazizembe. Loweruka lomaliza la Ogasiti mafumu a Achewa ochokera m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mkazi wofika pamalo otere atavala kabudula amaoneka ngati wanyoza bwalo lonse. Chitenje si chodula, muwagulire pamsika muno mu Chipata. Muwaphunzitsenso kulandira chinthu ndi manja awiri ndi kuvula chipewa mfumu ikamadutsa. Panjira mukaona masamba ataikidwa pamsewu, pamenepo pali maliro, choncho galimoto iyende pang'onopang'ono ndipo wailesi itsekedwe.

Pa Gule Wamkulu mpamene pafunika kusamala kwambiri. Bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse, ndipo alendo ena amauyesa chionetsero wamba chifukwa cha zimenezo. Kwa eni ake chimene chikuvina pabwalo ndi chilombo, mzimu wa makolo, motero munthu safunsa kuti mkatimo muli ndani, sachigwira, ndipo akafuna kufupa amaika ndalama pansi osati m'manja. Asanajambule ayambe apempha kwa otsogolera mwambo. Kudambwe, malo obisika kumene kumachokera zilombozi, asayese n'komwe, pakuti ngakhale Mchewa wobadwira komweko sapondako ngati sanalowe gule.

Za m'kamwa ndiye nkhani ina. Mlendo amene chipembedzo kapena thanzi lake silimulola kumwa mowa wamasese kapena kudya mbewa ali ndi ufulu wokana. Ngakhale ku Nc'wala, mwambo wa Angoni wa ku Mtenguleni, magazi a ng'ombe yakuda amamwa ndi mfumu yawo yaikulu Mpezeni, owonerera palibe amawakakamiza. Chimene eni mudzi amayang'ana ndi kakanidwe kake: athokoze kaye, asambe m'manja, adye nsima ndi ndiwo zimene angathe, osakwinya nkhope poona mbale ya anzawo.

Zonsezi muwafotokozere musananyamuke, chifukwa akakalakwitsa, akuluakulu sakafunsa iwowo. Akafunsa inu amene mwawabweretsa.