Timipira towala ta ku Kalk Bay: saluma, koma dziwani poyang'ana

Achemwali, mwafunsa za timipira toonekera ngati galasi timene munationa tikuyandama padoko la Kalk Bay ku Cape Town, ta mizere yothwanima ngati utawaleza, ndipo nkhawa yanu ndi yakuti mwana anagwirako kamodzi. Mtima pansi. Mmene mwafotokozeramu, amenewo ndi ma comb jelly, amene akatswiri amati Ctenophora, ndipo saluma. Kungoti m'madzi omwewo muli zina zofanana nawo zimene zimaluma zedi, ndiye m'pofunika kudziwa poyang'ana.

Yambani ndi mizere ija. Imakhalapo 8, kuchokera kumsonga ina ya thupi kulowera kumsonga inzake. Mzere uliwonse ndi timizipeso ta tiubweya tomatana, ndipo timapalasa madzi motsatizana ngati nkhafi za anthu ambiri m'bwato limodzi. N'chifukwa chake kanyamaka kamangoyenda myaa, kukamwa kuli patsogolo, thupi osagwedezeka. Jellyfish, kanyama kena kam'nyanja kofewa komwe kamaluma, siyenda choncho: imafinya thupi lake longa ambulera n'kulimasula, kufinya n'kumasula. Mukaona kufinyako, bwezani dzanja.

Utawaleza umene munauonawo si kuwala kochokera m'thupi mwake ayi. Ndi dzuwa limene limamwazika likagunda tiubweya tija, monga zimachitikira kuseri kwa CD. Kuwala kwakekwake kumaoneka mumdima, kobiriwira mopita ku buluu, kanyamako kakakhudzidwa, ndipo si mitundu yonse imene ili nako.

Ngati kanali kobulungira ngati jamu, masentimita 2 kapena kucheperapo, ndi mtundu wa comb jelly wotchedwa Pleurobrachia kapena m'bale wake. Kamakoka zingwe ziwiri zazitali kwambiri kuposa thupi lake, zokhala ndi tinthambi mbali imodzi. Pazingwezi palibe mbola. Pali tinthu tomata ngati ulimbo, togwirira tizilombo tam'madzi, mazira a nsomba ndi tiana take. Apa m'pamene ambiri amasokera: kakadzidzimuka kamabwezera zingwe zonse m'timatumba tam'kati, munthu n'kumati kalibe. Kasiyeni phee m'botolo kwa mphindi zingapo, muona zikutuluka. Kamenekanso usiku sikawala.

Mtundu wina, Beroe, ndi wamkulupo, amatha kupitirira masentimita 10. Amaoneka ngati kathumba kophwatalala, nthawi zambiri kofiirira pang'ono, kukamwa kotakata, zingwe alibiretu. Chakudya chake ndi ma comb jelly anzake, amangomeza athunthu. Palinso ena okhala ndi mapiko awiri ofewa m'mbali mwa kamwa, ofooka moti amaphwasuka ndi kafunde kochepa. Mtundu winanso ndi Cestum veneris, wonga lamba wagalasi, wotha kufika mita imodzi.

Kuti muone bwino, tengani botolo lagalasi lapakamwa patali, mulimize m'madzi pafupi ndi kanyamako kalowe pamodzi ndi madzi ake. Ukonde, sefa kapena manja zimangokasandutsa mamina. Ikani nsalu yakuda kuseri kwa botolo, muunike ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali, ndipo mizere iwerengeka bwinobwino. Jambulani kavidiyo ka masekondi 10 kapena 15, chifukwa pachithunzi kayendedwe sikaoneka ndipo flash imangowalitsa galasi. Mukaika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lozindikiritsa zamoyo, pamodzi ndi malo ndi tsiku, odziwa amathandiza kutchula mtundu. Botololo lisakhale padzuwa: madzi ochepa amatentha msanga ndipo kanyamako kamafa. Musathiremo madzi apampopi. Mukatha kabwezereni pamene munakatenga.

Zosokoneza nazo zilipo zitatu. Salp ndi wonga kambiya koboola mbali zonse, wa malamba ozungulira thupi osati otsika, ndi kachotupa kakuda kapena kofiirira kumapeto. Nthawi zina amalumikizana ngati mkanda, ndipo saluma. Box jellyfish ya m'madzi a ku Cape ndi yoonekeranso ngati galasi, koma ndi ya ngodya zinayi, chingwe chimodzi pangodya iliyonse, ndipo ikaluma imapweteka kwabasi. Yachitatu ndi bluebottle, kachibaluni kabuluu kokoka chingwe chachitali, kamene mphepo imakankhira kumchenga. Imeneyi ana aidziwe bwino, chifukwa imaluma ngakhale itafa kale, ndipo ululu wake chitedze sichifikako. Ikaluma, chotsani zingwe ndi kamtengo, tsukani ndi madzi a m'nyanja momwemo, osatikita ndi mchenga, kenako viikani pamalopo m'madzi otentha amene khungu lingapirire, pafupifupi madigiri 45, kwa mphindi 20. Munthu akayamba kubanika, kutupa nkhope kapena chizungulire, thamangirani kuchipatala.

Pamchenga mpovuta kwambiri, chifukwa zonsezi zikaphwa zimangooneka ngati phala loyera, ndipo chidutswa cha jellyfish chimalumabe. Lamulo kwa ana likhale lakuti chilichonse chonga phala pagombe sachigwira ndi manja.

Wina wafunsanso ngati ma comb jelly amapezeka kwathu ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Ayi, ma comb jelly onse ndi a m'madzi amchere, ena amangofika polowera mitsinje m'nyanja yaikulu. Kufewa kwawoko kusakunamizeni. Comb jelly wotchedwa Mnemiopsis leidyi, wa kugombe la Atlantic ku America, analowa m'nyanja ya Black Sea cha m'ma 1980 kudzera m'madzi amene sitima zimanyamula kuti zikhazikike. Anachulukana, n'kumadya chakudya cha nsomba za anchovy, zonga usipa wathu, pamodzi ndi mazira ake, mpaka usodzi unalowa pansi cha m'ma 1990. Zinayamba kusintha Beroe ovata atafikamo mu 1997 n'kuyamba kudya Mnemiopsis uja.

Mwanayo ngati dzanja silinafiire kapena kuyabwa kuchokera tsiku lija, palibe chochita. Mukapitanso kudokoko, sankhani m'mawa kopanda mphepo, pamene madzi ali bata, ndipo mutenge botolo ndi nsalu yakuda ija.