Kachitsulo kochepa ngati nyemba, msewu wa makilomita 1,400: anakapeza bwanji?

Bambo wina amene amagwira ntchito yomanga misewu wandilembera imelo. Akufunsa kuti, poti cheza cha radiyeshoni sichioneka ndipo sichinunkha, akatswiri a ku Australia anakapeza bwanji kachitsulo koopsa kamene kanagwa m'galimoto, ndipo anadziwa bwanji kuti ndi komweko?

Bambo, nkhaniyi inachitika mu Januwale 2023. Kachitsuloko, kotalika mamilimita 8 ndi mamilimita 6 m'mimba mwake, kanali ndi caesium-137 mkati, chinthu chotulutsa cheza choopsa. Kanasowa pa ulendo wochokera ku mgodi wa Gudai-Darri, kufupi ndi tauni ya Newman, kupita ku mzinda wa Perth. Pa 1 Febuluwale kanapezeka kumwera kwa Newman, mamita awiri okha kuchokera pamsewu. Galimoto imene inakatulukira inkathamanga makilomita 70 pa ola, itanyamula chida chotchedwa CORIS360, chopangidwa ndi ANSTO, bungwe la boma la Australia loona za sayansi ya nyukiliya.

Funso lanu lachiwiri lija ndiye mutu wa nkhani. Chida chodziwika cha Geiger chimangolira kuti pafupi pali cheza, koma sichinena kuti chikuchokera kuti kapena n'cha chiyani. Komatu nthaka nayonso imatulutsa cheza kuchokera ku potassium-40, uranium ndi thorium. Kungodalira kulirako, munthu ungamaime paliponse. Mwayi wake ndi wakuti chilichonse mwa zinthuzi chimatulutsa cheza cha mtundu wotchedwa gamma cha mphamvu yakeyake, monga mmene mayi amazindikirira mawu a mwana wake pakati pa ana ambiri. Pa muyeso wa mphamvuyi, wotchedwa keV, caesium-137 amaonekera pa 662 keV, potassium-40 pa 1461 keV, cobalt-60 pa 1173 ndi 1332 keV. Nambala ya 662 itangokwera pa kompyuta, anadziwa kuti si mwala wamba.

Kupeza mbali imene cheza chikuchokera n'kovutirapo, chifukwa gamma sapindidwa ndi galasi ngati kuwala kolowa mu kamera ya foni. Zida zina zimaika chotchinga cha chitsulo cholemera chokhala ndi mabowo, ndipo kompyuta imawerenga mthunzi wake n'kudziwa komwe cheza chalowera. Zina, zotchedwa makamera a Compton, zimatsata mmene cheza chakhotera chitagunda gawo loyamba la chida. Zotsatira zake amaziika pamwamba pa chithunzi wamba, malo oopsa n'kuoneka ngati banga lowala. Ku Fukushima, m'dziko la Japan, ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya itachitika mu 2011, makamera otere anathandiza kuona pamene caesium anaunjikana.

Ndadandaula pang'ono nditaona ntchito yanu. Zida zambiri zoyezera kulimba kwa dothi pamsewu zilinso ndi caesium-137, amene mphamvu yake imatsika ndi theka pakatha zaka 30. Ku Goiânia, m'dziko la Brazil, mu 1987 anthu anayi anamwalira chifukwa otola zitsulo zakale anaphwanya makina a chipatala okhala ndi caesium yemweyu. Chida chanu chikasowa kapena kuphwanyika, musachigwire ndi manja. Chotsanipo anthu, muimbire a Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira za radiyeshoni, tsiku lomwelo.